Phazi la Telala pa Kilachi

Galimoto ya bambo a mapasa inali ndi malamulo ambiri kuposa tchalitchi. Munthu sankadyeramo, sankaitsamira, sankatsitsa galasi asanapemphe, ndipo chitseko chake chinkatsekedwa mwaulemu ngati ukugoneka khanda lodwala. Loweruka lililonse m'mawa eni akewo ankavala kabudula n'kuisambitsa ndi sopo amene akazi awo sanamuonepo kubafa. Inali galimoto yotuwa, yakale, yogula kwa munthu amene nayenso anagula kwa munthu, koma ikangotsokomola pang'ono, tsiku lomwelo inkaonana ndi makaniko. Amake mapasa akatsokomola ankauzidwa kuti amwe madzi otentha. N'chifukwa chake iwo ankangoitchula kuti mkazi mnzawo.

Amake mapasa anali telala. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo ali mtsikana, ndipo pokwatiwa anabwera ndi makina awo opalasa ndi mapazi, nawaika m'kachipinda ka pakhonde komwe zenera lake limayang'ana kumsewu. M'menemo ndi momwe munatuluka mayunifolomu a ana ambiri a mumsewuwo, madiresi a akwati, ndi mathalauza a azibambo amene chaka chilichonse ankabwera kudzadandaula kuti nsalu za masiku ano zikumachepa m'chiuno. Iwo ankangowonjezera kansalu kumbuyo, za mimba osanenapo kanthu. Mapasa awo, wamkazi ndi wamwamuna, anakulira pansi pa makinawo akutola timapisi ta nsalu, anaphunzira, n'kupita kukagwira ntchito kutali, komwe ankakondera makolo awo pa foni.

Pa galimotoyo udindo wa mayiwa unali umodzi: kutsegula geti ndi kutseka geti. Akatha kutseka ankakhala kutsogolo, manja pamiyendo, ngati mlendo amene akudikira kulonjeredwa. Tsiku lina, kale, mapasa adakali kusukulu, mayiwa anafunsa mokhala ngati akuseka ngati amuna awo angawaphunzitseko. Bambowo, amene anali kalaliki mu ofesi ina ndipo ankakonda kufotokozera anthu zinthu zomwe sanafunse, anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati galimoto si makina osokera. Ukalakwitsa sungamasule ulusi n'kuyambiranso. Nkhani inathera pomwepo, ndipo amake mapasa anapitiriza ntchito yawo ya pageti mokhulupirika.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina bambowo akumeta ndevu, lezala linagwa pansi, iwonso n'kulitsatira. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anatulukako mkono ndi mwendo wakumanja zitafa, pakamwa patapotoka, mawu atathawa. Munthu amene ankatha kufotokoza madzulo onse momwe dziko liyenera kuyendetsedwera tsopano ankangoloza kapu ndi maso. Adokotala anati ziwalozo zikhoza kudzuka, bola azibwera pafupipafupi ku mafizo, kuti azidzawawongola ndi kuwayendetsa.

Kupita kuchipatalako kunali kukwera maminibasi awiri. Kondakitala ankagwira bambowo m'khwapa, mayi atagwira miyendo, n'kuwalowetsa ngati thumba la simenti, apaulendo ena akuyang'ana mawotchi awo. Pobwerera ankaipeza galimoto ili phee pabwalo, matayala akuphwa, mphaka wa aneba ataswera ana pansi pake.

Ndiye kunabwera alamu awo, mng'ono wa bambowo, munthu wachifundo chosefukira. Chifundocho chinali chachikulu moti asanalowe n'komwe kuchipinda kukaona wodwala, anayamba azungulira galimoto, kumenya matayala ndi nsapato, kusuzumira pagalasi. Atakhala pansi anafotokoza, nkhope ili yachisoni, kuti galimoto ikakhalitsa osayenda injini imachita dzimbiri, ndipo iwo monga m'bale anali okonzeka kudzipereka: aitenge, azikaisunga kwawo, azikaiyendetsako kuti isafe.

"Mwatiganizira, alamu," anatero amake mapasa, "koma galimotoyi ili naye woyendetsa."

"Ndani?"

"Ine."

Mawuwo anatuluka okha, osafunsa mwini wake. Alamuwo anaseka, kenako anaona kuti akuseka okha, n'kupempha madzi akumwa. Tsiku lomwelo foni zinayamba kulira. Mwana wamkazi anafunsa ngati amayi ake akukumbukira zaka zawo, maso awo, ndi kuthamanga kwa magazi. Wamwamuna anati asavutike, iye akabwera pa tchuthi azidzawayendetsa. Tchuthi chimenecho chinali chikubwera kuyambira chaka chomwe anayamba ntchito. Kunena zoona, mayiwo ankaopa ngakhale njinga yakapalasa. Koma mawu anali atatuluka pamaso pa mlamu, ndipo madzi akatayika saoleka.

Sukulu yophunzitsa galimoto inali pamwamba pa shopu yogulitsa misomali ndi penti. Munali mabenchi, zikwangwani za pamsewu zomata kukhoma, ndi tebulo lojambulidwa misewu pomwe anthu andevu zawo ankakankhapo tigalimoto ta ana, nkhope zili gwaa. Ophunzira ena onse anali a msinkhu wa mapasa. Tsiku loyamba mtsikana wina anawapatsa mpando mwaulemu n'kufunsa kuti adzalembetsa mdzukulu wawo uti. Mphunzitsi anali bambo woonda amene sankasiyana ndi kamtengo kotokosera m'mano, ndipo ophunzira ankamutchula kuti Katokosa. Zikwangwani sizinawavute mayiwa. Munthu wosunga m'mutu miyeso ya m'chiuno ya msewu wonse sangalephere kusunga tizithunzi tofiira. Mavuto anayamba atagwira chiwongolero.

Mapazi awo anali atapalasa makina osokera kuyambira utsikana, ndipo ankadziwa chinthu chimodzi: ukaponda, bweza, pondanso. Katokosa akawauza kuti atulutse kilachi pang'onopang'ono n'kuponda moto, mapaziwo ankayamba kusoka. Galimoto inkadumpha ngati chule, kudumphanso, n'kuzima pakati pa msewu. Kumbuyo mahutala ankalira. Katokosa ankachotsa kamtengo kake pakamwa, kukayang'anitsitsa, n'kufunsa mofatsa:

"Lero tikusoka chiyani, mayi? Siketi?"

Akafuna kuyatsa indiketa ankayatsa zopukutira galasi, moti anayenda tauni yonse akupukuta mvula dzuwa likuswa mtengo. Pa rivesi ndiye panali pa ukatswiri wawo. Pabwalo la sukuluyo pankaikidwa migolo yoti wophunzira adutse pakati pake chobwerera, ndipo amake mapasa analibe tsankho: mgolo uliwonse anaupatsa moni. Ina inali itaima pamenepo zaka zambiri osagundidwa, inkadikira iwo.

Sikuti anali aulesi. Akafika kunyumba ankandandalika nsapato zitatu pansi, iyi kilachi, iyi buleki, iyi moto, n'kutenga chivundikiro cha poto kuti chikhale chiwongolero. Pa mpando wa pabalaza anali dalaivala wabwino kwambiri, sanagundepo kanthu. Koma ntchito ya manja inayamba kudandaula. Mphunzitsi wina wa sukulu anadzatenga thalauza lake n'kupeza thumba lakumbuyo likuyang'ana pansi, ndipo mayiwo, amene anali asanapepesepo kasitomala chifukwa cha msoko, anapepesa.

Bambo a mapasa ankaona zonsezi ali pampando wawo, ndipo anachita zomwe munthu wa dzanja limodzi angathe: anabisa makiyi pansi pa pilo. Anaiwala kuti woyala bedi ndani. Mayiwo anaitana makaniko, anasintha batire, anapopa matayala, anasamutsa mphaka ndi ana ake. Masana ena, atamukhazika wodwala pafupi ndi zenera kuti apitidwe mphepo, analowa mwa mkazi mnzawo uja n'kuliza injini. Cholinga chinali kungoisuntha pang'ono. Anaika giya yomwe ankaikhulupirira kuti ndi yoyamba. Galimoto inanyamuka chobwerera, molimba mtima, kulunjika pageti.

"Buleki!"

Mawuwo anachokera pazenera, omveka bwino, athunthu, oyamba chiyambire matendawo. Anangofika mochedwa pang'ono; geti linali litagona kale mumsewu. Amake mapasa anatuluka osadziwa kuti alire geti kapena asekerere mawuwo. Atakawafotokozera adokotala, iwo anati zimenezo n'zolimbikitsa kwambiri, ndipo chilichonse chomwe banjalo likuchita kunyumba lipitirize. Wowotcherera zitsulo wa pakona anagwirizana nawo adokotalawo.

Msewu wonse unaona getilo, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linakhala Mayi Rivesi. Amayi anzawo akamva injini ankakokera ana m'nyumba, ena mpaka kuitana agalu. Makasitomala anachuluka mwadzidzidzi: munthu ankabwera ndi batani limodzi lothothoka n'kukhala mpaka tiyi atazizira, akufunsa mwachikondi kuti sukulu ikuyenda bwanji. Kutchalitchi, mayi wina wotsogolera pemphero anapempherera odwala, amasiye, ndi onse amene aiwala msinkhu wawo. Ameni wake anamveka mpaka kunja.

Mayeso oyamba anathera pachitunda. Woyesa, bambo wonenepa wa fayilo pamiyendo, anawauza kuti aime pakati pa chitundacho kenako anyamuke. Kuima anaima bwino kwambiri. Ponyamuka galimoto inasankha kubwerera komwe inachokera, ndipo woyesayo anakoka handibuleki ndi manja awiri, fayilo n'kugwa. Analemba nthawi yaitali. Ulendo wotsatira mayiwo anatsimikiza mtima kuti sagunda kanthu, ndipo sanagundedi. Anayenda mosamala moti bambo wina wokankha wilibala anawapitirira, n'kuwapatsa moni, n'kufunsa za odwala kunyumba. Woyesa anati kuyenda koteroko nakonso ndi ngozi. Ulendo wina anachita zonse bwino mpaka pa raundabauti, pomwe anazungulira, nazunguliranso, kusowa potulukira, mpaka woyesayo anapempha kuti amutsitse kaye chifukwa cha chizungulire.

Anzawo a msinkhu wa mapasa aja anali atatenga ziphaso zawo kalekale. Kunabwera ena, nawonso n'kupita. Amake mapasa anasanduka katundu wa sukuluyo, ngati tebulo lija. Ophunzira atsopano ankafunsa iwo komwe kuli chimbudzi. Wina anawanong'oneza kuti mayeso oterewa munthu sakhoza ndi mapazi okha, pamafunika kumuganizirako woyesa. Iwo anakana, osati chifukwa cha chiyero ayi, koma anaona kuti atati agule chiphaso n'kukagwetsera amuna awo m'ngalande, alamu aja akanauza dziko lonse kuti anachita dala.

Atalephera ulendo wa pa raundabauti uja, anasiya. Sanalengeze, anangoleka kupita. Anabwerera pa makina awo, pomwe mapazi awo anali anzeru, ndipo aliyense anawayamikira chifukwa cha kukhwima maganizo. Mwana wamkazi anati Mulungu wayankha. Alamu anatumiza uthenga woti mtima wawo wothandiza uja sunasinthe. Makiyi mayiwo anawabwezera okha pansi pa pilo. Akamasesa pabwalo ankaizungulira galimotoyo osaiyang'ana, monga momwe munthu amadutsira mnzake amene anayambana naye pagulu.

Kenako kunabwera tsiku la mvula. Akuchokera ku mafizo anaima pasiteji nthawi yaitali, ambulera imodzi, mayi atachirikiza amuna awo ndi phewa. Maminibasi ankaima, koma kondakitala akaona ndodo ndi mwendo wokokawo ankamenya chitseko kuti dalaivala apitirire. Ina itavomera, mayi anakweza mwendo wa bambowo pachitsulo chokwerera, koma dalaivala anali ndi changu. Anasuntha, ndipo bambo a mapasa anakhala pansi m'matope, ndi thalauza lomwe akazi awo anasita m'mawa. Anthu anathandiza kuwadzutsa, ambiri anathandiza ndi malangizo. Mayi anali asanaonepo amuna awo akulira, ngakhale pamaliro a amayi awo owabereka. Anawaona tsiku limenelo, pasiteji, pamaso pa ogulitsa maambulera.

Atafika kunyumba anawasambitsa, kuwaveka zouma, n'kuwapatsa tiyi pabedi. Mayi akutola makapu, bambowo anapisa dzanja lamanzere pansi pa pilo, natulutsa makiyi, n'kuwaponya pathireyi. Sanayang'ane akazi awo. Anayang'ana khoma, ngati munthu amene akupereka mwana wake kwa mkamwini wosamufuna.

Lamulo limati wophunzira aziyenda ndi munthu wachiphaso pambali pake. Silinena kuti munthuyo azitha kuyenda yekha. Choncho Lamlungu lililonse masana amake mapasa ankakweza amuna awo kutsogolo, kuwamanga lamba, n'kukwawa nawo mpaka pabwalo la sukulu ya pulaimale, pomwe panali kachitunda kotsikira ku zimbudzi. Monga mphunzitsi, bambowo anali ndi mawu atatu: buleki, ayi, ndi lina lomwe adokotala anati nalonso ndi chizindikiro chabwino ngakhale silotchulika pagulu. Koma khutu lawo linali lamoyo. Mayi akamatulutsa kilachi, pomwe injini inkasintha kaliridwe, bambowo ankakweza chala. Katokosa anali atanenapo za malo amenewo kambirimbiri, koma ankanena akutokosa m'mano, mahutala akulira, ndipo mayi ankangomva mtima wawo ukugunda. Apa panalibe hutala, panalibe fayilo. Panali chala basi. Chikakwera, phazi liime pomwepo.

Kuimika phazi pakati ndiko kunali kovuta, mpaka tsiku lina akusoka kolala ya shati anadzipeza akuchita zomwezo: pokhota pansonga ya kolala mapazi amagwira makina kuti asathamange komanso asaime, singano n'kumatsika ngati ikuganiza kaye. Anadzitukwana mokweza moti mwini shatiyo anafunsa ngati nsalu yawonongeka. Lamlungu lotsatira anasiya nsapato zawo zazitali, zomwe ankavala pophunzira kuti azioneka ngati munthu wa galimoto, n'kuvala zafulati zosokera. Galimoto inazimabe. Inazima Lamlungu limenelo ndi lotsatira lake. Koma inayamba kuzima mwa apo ndi apo, ngati munthu amene akutha mawu pamkangano, ndipo tsiku lina inakwera kachitundako osabwerera ngakhale pang'ono. Mayi anatembenuka kudikira chiyamiko. Bambowo analoza galasi lam'mbali, kusonyeza kuti sanayang'anemo.

Atabwerera kusukulu, Katokosa anati ankadziwa kuti abwera, chifukwa migolo inali itayamba kuwasowa. Analepheranso, pa chifukwa chaching'ono chomwe mpaka lero amachitsutsa aliyense akawapatsa mpata. Pofika tsiku lomwe anakhoza, iwo ndi woyesa uja anali atazolowerana ngati apachibale. Anamufunsa za mwana wake wodwala mphumu, ndipo iye anayankha akumanga lamba n'kugwiriratu handibuleki. Anakwera chitunda, anatuluka pa raundabauti osabwereza, analowa pakati pa migolo chobwerera n'kuisiya ili chiimire. Woyesayo anatseka fayilo.

"Mayi, mwakhoza. Chonde musadzabwerenso."

Alamu atamva anati n'zodziwikiratu, munthuyo wangotopa nawo. Amake mapasa anati mwina n'zoona, koma pachiphasopo sanalembepo zimenezo. Mapasa anaika chithunzi cha amayi awo pa foni ndi mawu akuti akhala akuwakhulupirira kuyambira pachiyambi. Aneba obisa ana aja anayamba kugogoda: wina mwana watentha thupi, wina ali ndi katundu kumsika, ndipo aliyense polowa m'galimoto ankanena kuti iye ankawauza anthu kuti mayi awa ndi olimba mtima. Dzina la Mayi Rivesi lokha ndilo silinachoke. Amangolitchula mwaulemu tsopano, ngati udindo.

Tisanamizane, amake mapasa sanasanduke katswiri. Mpaka lero sapitirira galimoto inzake, ngakhale thirakitala. Pakati pa magalimoto awiri saimikapo. Amakaimika kutali, komwe kulibe chogunda, n'kuyenda wapansi mtunda womwe ena amakwerera basi. Pali mphambano ina m'tauni yomwe amaizemba podzera njira yaitali, ndipo akafunsidwa amati amakonda mitengo ya kumeneko. Koma ku mafizo bambowo sanajombenso. Mwendo unayamba kumvera, ndodo inakhala yongothandizira, ndipo mawu anabwerera, mwatsoka onse. Amakhala kutsogolo n'kumafotokoza kuti giya yachedwa, kuti dzenje lija iwo analiona kalekale, kuti dalaivala weniweni sagwira chiwongolero ngati akufinya zovala. Mayi amayankha kuti siteji ya minibasi sinasamuke.

Masana ena otentha, akuchokera kuchipatala, mayi anazindikira kuti adutsa maroboti ndi mlatho popanda kudzudzulidwa. Anaganiza kuti matenda aja abweranso. Atayang'ana kumbali anapeza bambo a mapasa atatsamira galasi, kukamwa kuli yasa, akuliza mkonono. Munthu amene sanagonepo m'basi, m'sitima, ngakhale m'galimoto ya abwana ake, poti sankakhulupirira dalaivala aliyense wobadwa mwa mkazi, anali m'tulo tofa nato.

Atafika pakhomo pawo sanaime. Anapitirira, anakhota pakona, anadutsa kumsika, kuseri kwa sukulu, pang'onopang'ono, akuzemba maenje onse omwe ankawadziwa, n'kulowanso mumsewu wawo, n'kupitiriranso. Aneba amene anali pakhonde anawaona akudutsanso ndipo anauzana kuti mayi aja tsopano aiwala nyumba yawo. Bambowo anadzidzimuka galimoto itaima, anapukuta dovu ndi dzanja lamanzere, nayang'ana wotchi, kenako kamuvi kosonyeza mafuta.

"Tachedwa kuti?"

"Kunali mzere wa magalimoto," anatero mayi, akufunafuna chikwama chawo pansi pa mpando.

Bambowo anati akanakhala iwo akanadzera njira yachidule, ndipo anayamba kuifotokoza.